Kugulira Bambo kapena Mayi Kompyuta Yokhalitsa: Malangizo kwa Mabanja a pa Songwe

Kabuku kano n'ka yani

Kabuku kano talembera ana amene akufuna kugulira kholo lawo kompyuta ya ntchito za muofesi, makamaka mabanja a pa Songwe, Iponga, Kaporo mpaka ku Karonga boma. Makolo ofuna kompyuta kuno alipo ambiri. Pali aphunzitsi opuma ntchito amene akusunga mabuku a komiti ya sukulu, alembi a mpingo, asungichuma a banki mkhonde, amayi opikula mpunga wa Kilombero n'kumautumiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso abambo amene ali ndi kaofesi kothandiza madalaivala pa mapepala a katundu pa boda. Ntchito zawo ndi zopepuka: kulemba kalata, kuwerengetsa ndalama, kutumiza imelo, kusindikiza, kulowa pa tsamba la banki kapena la MRA.

Ntchito zoterezi sizitopetsa kompyuta. Zimene zimapha makompyuta kuno ndi magetsi osadalirika, kutentha, fumbi, ndi kusowa kwa sipeya chinthu chikawonongeka. Ndiye ndalama yanu ipite kumeneko. Kumbukiraninso kuti inu mukagula mudzabwerera ku ntchito kwanu, kaya ku Blantyre kaya ku Johannesburg, ndipo wotsala ndi makinawo ndi munthu amene sakonda kuvutitsa mwana wake pa foni. Ikadzafa, mwina adzangoiphimba ndi nsalu n'kukhala chete mpaka Khirisimasi.

Yambani mwafunsa eni ake

Musanaone mtengo uliwonse, khalani nawo pansi. Funsani kuti, "Bambo, kodi mukufuna muzichitira chiyani pa kompyutayi?" Akayankha kuti "zonse", musakhutire. Apempheni akuonetseni mapepala amene amalemba pa manja mlungu uliwonse. Funsani ngati azisindikiza, ndipo kangati. Funsani ngati adzukulu azidzaigwira, poti zimenezo zimasintha zambiri. Onaninso mmene amagwirira foni powerenga uthenga. Ngati amaitalikitsa kapena kufufuza kaye mandala, mwadziwa kale kuti sikirini yaikulu ndi yofunika kuposa liwiro.

Magetsi choyamba

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuti afike ku Karonga amayenda ulendo wautali kwambiri. Siteshoni ya Wovwe ili m'boma lomwe lino, koma ndi yaing'ono, ya mamegawati 4 ndi kanthu. Ambiri tikukumbukira mmene zinalili kuchokera mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, pamene magetsi ankathima maola ochuluka tsiku ndi tsiku mpaka kulowa mu 2023. Kuthima pakokha si koopsa kwenikweni. Choopsa ndi kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kulumpha kwa kanthawi, komanso kuphethiraphethira kumene kumachitika chigayo kapena makina owotcherera zitsulo akayaka pa laini yomweyo. Onjezani ziphaliwali za nyengo ya mvula, imene kuno kumpoto kwa Karonga imalimba mu Malichi ndi Epulo anzathu a kumwera atayamba kale kukolola.

Choncho chinthu choyamba pa mndandanda wanu chikhale UPS, kabokosi ka batire kamene kamakhala pakati pa soketi ndi kompyuta. Ya 650VA ndi yokwanira kompyuta imodzi ndi sikirini yake. Sankhani yolembedwa AVR, imene imawongola mphamvu ikatsika kapena ikakwera pang'ono. UPS si jenereta. Imakupatsani mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Afotokozereni makolo kuti ikayamba kulira asapitirize kulemba mpaka izime yokha, chifukwa kukamula batire kotero kumalifupikitsa moyo.

Batire la mkati mwa UPS yaing'ono nthawi zambiri ndi la 12V 7Ah, ndipo limagulidwa palokha. Limadana ndi kutentha. Opanga mabatire amawerengera moyo wake pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa apo, moyo wa batire umadulidwa pakati. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata chopanda siling'i pa Songwe chimapitirira madigiri 30 dzuwa lisanafike paliwombo. Musadabwe batire likatha pa zaka 2. Pogula UPS funsani ngati batire lake limachotseka ndi sikuludiraiva wamba.

Pakhoma, UPS isanalumikizidwe, ikanipo chotetezera chija timati fridge guard kapena TV guard. Chimadula magetsi akalumpha, ndipo akabwera chimadikira kaye kanthawi chisanawalole kudutsa. Itananinso wamagetsi wodziwa ntchito yake aone ngati soketiyo ili ndi waya wa efi wolowadi pansi. Nyumba zambiri zili ndi soketi ya mabowo atatu koma bowo lapamwambalo silinalumikizidwe kulikonse, ndipo zikatero zotetezera zambiri sizigwira ntchito yake mokwanira. Mukagwira chitsulo cha kompyuta n'kumva kunyerenyesa, vuto ndi limenelo. Mvula ya mabingu ikayamba, palibe chotetezera choposa kuzula pulagi pakhoma.

Kwa amene ali pa sola, werengerani motere. Kakompyuta kakang'ono ka muofesi pamodzi ndi sikirini ya mainchesi 24 zimadya mawati pafupifupi 45. Pa maola 8 ndiye 360Wh. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma ngati ndi la mtovu muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti likhalitse, ndiye 600Wh. Zikukwana, bola mababu, TV ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse zisadyere pomwepo. Inveta ikhale yolembedwa pure sine wave. Pa mita ya ESCOM, kompyuta yomweyo ikamagwira maola 8 pa masiku 26 siidya mayunitsi opitirira 10 pa mwezi.

Yamtundu wanji

Njira zilipo zitatu, ndipo sizofanana kulemera.

Yoyamba ndi kugula kompyuta ya muofesi yogwiritsidwapo kale ntchito kunja: Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena ProDesk, kapena Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa anapangidwira mabanki ndi maofesi a boma, kuti aziyaka tsiku lonse zaka zambiri, ndipo anapangidwa ochuluka zedi. Kuchuluka kumeneko ndiye phindu lake. Wakabaza wanzeru sagula njinga yachilendo imene tcheni chake chikaduka mpaka aitanitse kunja, amagula imene mmisiri aliyense pamsika ali ndi sipoko zake. Wokonza makompyuta ku Karonga kapena ku Mzuzu anatsegulapo OptiPlex kambirimbiri, ndipo mwina ali ndi ina yakufa pashelefu yochotsamo zipangizo. Kwa mabanja ambiri, njira imene tikulimbikitsa ndi imeneyi.

Makina amenewa amabwera m'misinkhu itatu. Pali chibokosi chachikulu choimirira, pali chapakati chophwatalala chimene amalemba SFF, ndipo pali kakang'ono kokwana m'chikwama, kamene Dell amati Micro, HP amati Mini, Lenovo amati Tiny. Kakang'onoka kamalandira magetsi kudzera pa chajala chakunja ngati cha laputopu. Magetsi akalumpha, kawirikawiri chimapsa ndi chajalacho, mugula china basi. Kamadyanso magetsi ochepa, ndipo kakafuna mmisiri, mayi akhoza kukapachira m'chikwama n'kukwera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kupita ku boma. Chapakati chija n'chabwino, koma bokosi lake la magetsi la mkati ndi la mtundu wakewake, silingasinthidwe ndi la wamba.

Njira yachiwiri ndi kugula chipangizo chilichonse pachokha, chatsopano, n'kumanga. Imadula, koma mumadziwa zonse zimene zili mkati, ndipo chilichonse chikafa chimasinthika ndi cha wamba. Ndi yabwino kwa amene ali ku South Africa kapena ku Dar es Salaam kumene zipangizo zatsopano zimapezeka ndi malisiti ake.

Yachitatu ndi laputopu. Ili ndi batire lake, ndipo ngati kholo limayenda ndi ntchito, kumisonkhano ya mpingo kapena ya kopaletivi, palibe chochitira mwina. Koma pa kukhalitsa imagonja. Tiyi akatayikira pa kiyibodi ya kompyuta ya patebulo, mwataya kiyibodi yokha. Akatayikira pa laputopu mukhoza kutaya zonse. Laputopu imabwerekekanso mosavuta, ndipo kholo silikaniza mdzukulu.

Pulosesa: phunzirani kuwerenga nambala

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Wogulitsa amangoti "iyi ndi Core i7", mtengo n'kukwera. Dzina lakuti i3, i5 kapena i7 silinena msinkhu wa makina. Onani nambala yotsatira. Pa i7-4790, nambala 4 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wa 4, wa mu 2014. Pa i5-8500 ndi m'badwo wa 8, wa mu 2018. Pa i5-10500 ndi wa 10, ndipo pa i3-12100 ndi wa 12, wa mu 2022. I3 ya m'badwo wa 12 imaisiya kutali i7 ya m'badwo wa 4, ndipo imadya magetsi ochepa.

M'badwo uli ndi ntchito chifukwa cha Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwenso inasiya Office 2016 ndi Office 2019. Kumbali ya Intel, Windows 11 imafuna pulosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. N'chifukwa chake makompyuta a m'badwo wa 6 ndi 7 akutayidwa ochuluka m'maofesi a kunja, ndipo ambiri akutsikira m'masitolo athu pa mtengo wokopa. Amisiri ena amakakamiza Windows 11 pa makina akalewo, ndipo amayaka ndithu, koma palibe lonjezo lakuti azilandirabe zokonza za chitetezo. Kwa munthu amene azilowa pa akaunti ya banki, musatsike pansi pa m'badwo wa 8.

Zilembo za kumapeto nazo zimalankhula. T, monga pa i5-8500T, ndi pulosesa ya mawati 35 m'malo mwa 65, yosatentha kwambiri, yoyenera kwathu kuno. F, monga pa i3-12100F, ilibe mbali yotulutsira zithunzi, moti mukaigula muyenera kugulanso graphics card, chinthu chodula, chotentha, chimene kholo lanu silichifuna n'komwe. Kumbali ya AMD, yang'anani yothera ndi G, monga Ryzen 5 5600G, imene ili ndi zithunzi mkati mwake. K ndi ya anyamata a magemu, isiyeni.

RAM ndi chosungira

RAM ya 8GB ndiyo yochepetsetsa imene tingavomereze, ndipo 16GB ndiyo idzafikitse makinawo zaka zambiri osatsamwa. Musamvere zakuti 4GB ndi yokwanira chifukwa Windows 11 imayaka nayo. Kuyaka imayaka, koma kutsegula masamba atatu pa intaneti n'kudikira. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse kumapeto kwa 2025, ndiye ngati thumba silikulola, gulani ya 8GB koma tsegulani muone kuti pali malo ena opanda kanthu odzaonjezerapo. Makina a m'badwo wa 8 mpaka 11 amalandira DDR4. DDR5 siilowa m'malo a DDR4, ndipo timakina ting'onoting'ono tija timalandira RAM yaifupi ya mtundu wa laputopu.

Pa chosungira musanyengerere: SSD basi. Hadi disiki yakale ili ndi mbale yozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Magetsi akathima mwadzidzidzi, kapena tebulo likagwedezeka, ikhoza kuvulala. Ife a ku Karonga, amene tinaona zivomezi za mu Disembala 2009, sitifunika kuuzidwa kuti nthaka ya kuno imanjenjemera nthawi zina. SSD ilibe choyenda mkati, ndipo imayatsa kompyuta m'masekondi ochepa. Ya 500GB kapena 512GB ndi yokwanira makalata ndi zithunzi za banja za zaka zambiri.

Ngati mukugula kompyuta yakale, chinthu chimodzi choti mugule chatsopano ndi SSD, ya dzina lodziwika monga Samsung, Crucial, Kingston kapena WD. Simudziwa kuti yakaleyo inagwira ntchito yotani. Dziwaninso kuti SSD ikafa siichenjeza monga imachitira hadi disiki imene imayamba kaye phokoso. Imangoti zii, ndipo kupulumutsa zamkati n'kovuta. Nkhani yosunga kope lina tiifika kutsogoloku.

Kwa omanga okha: bokosi la magetsi ndi motherboard

Makesi otchipa amabwera ndi power supply yake, ndilo bokosi la magetsi lija, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yolembedwa mawati ambirimbiri. Ichotseni. Imeneyo ikamafa imatenga ndi anzake. Gulani ya dzina, monga Seasonic, Corsair kapena Cooler Master, ya chizindikiro cha 80 Plus Bronze. Ya mawati 400 mpaka 450 ndi yokwanira ndi kutsala, poti kompyuta ya muofesi siifika ngakhale theka la pamenepo.

Motherboard ikhale yapakatikati, ya Asus, MSI, Gigabyte kapena ASRock, yogwirizana ndi pulosesa: soketi ya AM4 kwa Ryzen 5 5600G, LGA1700 kwa i3-12100. Ikhale ndi potulutsira HDMI, malo a M.2 a SSD, ndi mabowo a USB okwanira. Fani yobwera ndi pulosesa ndi yokwanira. Zoziziritsa za madzi, magetsi amitundumitundu ndi kesi ya galasi ndi zinthu zongoonjezera zoti zidzawonongeke. Kesi yabwino ndi yachitsulo, yokhala ndi kasefa ka fumbi kochotseka.

Makina ena akale ochokera ku America ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230V. Mukalumikiza kali pa 115, mudzamva kuphulika kamodzi ndipo nkhani yatha. Chingwe cha magetsi chikabwera ndi pulagi ya mano ozungulira ya ku South Africa kapena ya mano awiri, musachikanikize ndi chikuni mu soketi, gulani china cha mano atatu ophwatalala.

Zimene maso ndi manja azikhudza

Kholo lanu silidzaiona pulosesa. Lizidzaona sikirini tsiku lililonse. Ya mainchesi 24, ya 1920 x 1080, ya mtundu wa IPS, imawerengeka bwino ngakhale munthu atakhala chammbali. Mukaika Windows, kulitsani zilembo kufika pa 125% kapena 150%, ndipo muwafunse okha kuti pati pakuoneka bwino. Onetsetsani kuti mabowo akugwirizana, chifukwa ma OptiPlex ndi ma EliteDesk ambiri ali ndi DisplayPort pamene sikirini zambiri zili ndi HDMI. Chingwe cholumikiza ziwirizi chilipo, koma chiguleni tsiku lomwelo, pa Songwe mudzachisowa.

Kiyibodi ndi mausi zikhale za waya. Zopanda waya zimafuna mabatire, ndipo kachidutswa kake ka USB kakasowa, zonse zatha ntchito. Pewani makiyibodi odzaza zilembo za Chiarabu kapena Chijapani, amasokoneza wophunzira. Kwa alembi a mpingo ndi aphunzitsi amene amafuna chilembo cha ŵ polemba Chitumbuka kapena Chichewa, mu Word lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi.

Pulinta ndi nkhani ya kawiri. Ngati azisindikiza mwa apo ndi apo, gulani ya laser yakuda yokha, poti inki yake ndi ya ufa ndipo siuma. Ya inki yamadzi ikakhala milungu ingapo osagwira ntchito m'chipinda chotentha imatseka timabowo take. Ngati azisindikiza tsiku ndi tsiku, kapena ali pa sola, ya matanki monga Epson EcoTank ndi yotchipa kuyendetsa ndipo imadya magetsi ochepa. Pulinta ya laser isalumikizidwe pa UPS, imakoka mphamvu yambiri poyamba kusindikiza ndipo imagwetsa zonse. Ngati pafupi pali sitolo yosindikiza ndipo masamba ndi ochepa pa mwezi, pulinta ikhoza kudikira.

Makompyuta ambiri a muofesi alibe Wi-Fi. Mukhoza kugula kachidutswa ka Wi-Fi ka USB, kapena rauta ya Airtel kapena TNM yolumikiza ndi chingwe. Yesani kaye netiweki m'chipinda momwemo, chifukwa pafupi ndi mtsinje foni nthawi zina imathawira pa netiweki ya ku Tanzania.

Kogula, ndi zoyesa musanalipire

Anthu a pa Songwe ali ndi misika iwiri. Kuwoloka mlatho n'kufika pa Kasumulu, msewu ukupita ku Mbeya kudzera ku Tukuyu, ndipo amalonda ambiri amafika mpaka ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Kumbali inayi kuli Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe. Kutsidya zinthu zimatha kutchipirapo, koma werengerani zonse: mtengo wosinthira ndalama, pokumbukira kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023, ulendo, msonkho, komanso funso lakuti ikafa pa mwezi wachiwiri mudzaibweza kwa yani. Waranti ya sitolo ya ku Kariakoo ndi pepala chabe kwa munthu wokhala ku Iponga. Za msonkho funsani ku ofesi ya MRA pa boda musanapite kokagula, ndipo pobwera dzerani pa chipata ndi lisiti lanu. Kompyuta yodutsa pa bwato usiku ikalandidwa, mwataya ndi zomwe mumati mupulumutse.

Kulikonse kumene mugule, musalipire makina asanayake pamaso panu. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance. Pamenepo pakuonetsani dzina lenileni la pulosesa, kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati chosungira ndi SSD kapena HDD. Zomata za pabokosi zimamatulidwa, musazikhulupirire. Pemphani atsegule pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, imene imaonetsa thanzi la chosungira ndi maola amene chagwira ntchito. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani yakale. Yesani bowo lililonse la USB. Isiyeni ikusewera kanema kwa theka la ola mukumvetsera fani. Kenako atsegule chivundikiro: mukaona dzimbiri, zotupa pa motherboard, kapena kumva fungo la chopserera, bwezani. Wogulitsa wokana kutsegula wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa. Pa lisiti alembe nambala ya makinawo ndi miyezi ya waranti. UPS nayo iyeseni: kompyuta ili chiyakire, zulani pulagi pakhoma. Ikazima, ziwirizo sizikugwirizana.

Poikhazika

Isakhale pansi. Fumbi lambiri lili pansi, ndipo mtsinje wa Songwe ukasefukira madzi safunsa. Ikhale patebulo lolimba, kutali ndi zenera loyang'ana ku msewu wa M1 kumene mathiraki amautsa fumbi, ndiponso kutali ndi khitchini. Kumbuyo kwake kutsale mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposa. Amayi athu amakonda kuyala kansalu kokongola pa chinthu chilichonse cha mtengo wapatali. Auzeni mwaulemu kuti, "Mayi, kansaluka muziphimbira mukazimitsa, ikamayaka muzichotsa kuti ipume." Mphemvu, nyerere ndi analimata amakonda malo ofunda, choncho pasamadyeredwe patebulopo. Ngati pafupi pali chigayo cha mpunga, kupukuta fumbi la mkati kuzichitika miyezi 3 iliyonse, kwina konse miyezi 6. Gwiritsani ntchito chopemerera kapena pampu ya njinga, mutazula pulagi, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire.

Musanakwere basi yobwerera

Ikani Windows yovomerezeka. Makina a muofesi aja ambiri ali ndi laisensi yake yomangiriridwa mkati, moti mukaika Windows yatsopano imadzitsegula yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Mapulogalamu obedwa amene amisiri ena amadzaza mwaulere ndiwo khomo la mavairasi. Ngati Microsoft Office yakudulirani, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Chitetezo chobwera ndi Windows n'chokwanira, musaonjezere china chongolemetsa makina. Ngati kompyuta ya m'badwo wakale ilipo kale pakhomo ndipo ntchito ndi kulemba ndi intaneti basi, Linux Mint ikhoza kuipatsa zaka zina, malinga ngati inuyo mumaidziwa, poti amisiri ambiri apafupi sanaizolowere.

Pangani maakaunti awiri: ya administrator, pasiwedi yake musunge inu, ndi ina ya wamba ya kholo. Adzukulu akhale ndi yawoyawo. Pa intaneti tcherani metered connection kuti Windows isamalize bandulo usiku umodzi, koma gwirizanani tsiku limodzi pa mwezi logula bandulo yapadera ya zokonza. Aonetseni Quick Assist kapena AnyDesk kuti muziwathandiza muli kutali, ndipo nenetsani kuti asamalole wina aliyense kulowa mu kompyutayo kupatula inu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku banki kapena wa ku Airtel Money kapena Mpamba.

Mavairasi ambiri kuno amayenda pa fulashi. Fulashi imene yapita ku sitolo yosindikiza imabwera itasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Gulani ziwiri za mitundu yosiyana: ina yoyenda nayo, ina yosungira kope la ntchito, imene siituluka m'nyumba. Mafulashi a pamsewu olembedwa kukula kodabwitsa pa mtengo wa mandasi ndi abodza, amalandira mafayilo koma osawabweza. Kope lichitike Loweruka lililonse, ndipo mafayilo ofunikitsitsa, monga mabuku a ndalama za gulu, akhalenso pa Google Drive, imene imapereka 15GB ulere, kuti moto kapena wakuba asatenge zonse tsiku limodzi.

Pomaliza pa zimenezi, lembani m'kope la sukulu, ndi zilembo zazikulu, m'chinenero chimene amayankhula pakhomo, kaya Kyangonde, Chitumbuka kapena Chichewa: kuyatsa, kusunga, kusindikiza, kuzimitsa, ndi chochita UPS ikalira. Kenako khalani pambali, manja m'thumba, achite okha kawiri konse inu mukuonerera.

Zimene zidzayambe kutha

Ndi bwino banja lidziwiretu, kuti chinthu chaching'ono chisaoneke ngati imfa ya kompyuta yonse. Batire la UPS ndilo lidzayambe, pa zaka 2 kapena 3. Chizindikiro chake ndi chakuti magetsi akathima kompyuta imazima nthawi yomweyo. Kenako kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032, kofanana ndi ka m'masikelo ndi m'marimoti a galimoto. Kakatha, tsiku ndi nthawi zimasokonekera ndipo masamba a banki amakana kutseguka. Pa kompyuta yakale kasintheni tsiku logula lomwelo. Fani ikayamba kulira ngati njuchi, isinthidwe isanaime. Mafuta oziziritsa a pakati pa pulosesa ndi fani amauma pakapita zaka, ndipo mmisiri aliyense akhoza kupaka ena. Mausi ndi kiyibodi zapadera zikhale m'kabati kuyambira tsiku loyamba, pamodzi ndi envelopu ya malisiti ndi pepala lolembapo dzina la makina, mtundu wa RAM ndi mphamvu ya chajala, kuti wotumidwa ku Mzuzu asakagule zolakwika.

Batire lakutha la UPS lili ndi mtovu ndi asidi. Lisatayidwe kudzala, kumunda wa mpunga kapena mu mtsinje, ndipo ana asaliseweretse. Liperekeni kwa ogula mabatire akale a galimoto. SSD kapena hadi disiki yakale, ngakhale yakufa, isapite ndi wogula zitsulo isanafufutidwe kapena kubooledwa ndi msomali, chifukwa mabuku a ndalama ndi makalata a kholo lanu akadali momwemo.